Dilowa la Kumanzere

Makina aja anagula ndi mlongo wanga Peni. Anawatumiza kuchokera ku Melbourne sabata imene Ababa anatuluka m'chipatala n'kudzakhala kwathu ku Woodridge, impso zawo zitaleka ntchito. Peni ndi wotero, akalephera kubwera yekha amatumiza katundu.

Linali bokosi lakuda lokazinga chakudya ndi mpweya wotentha, osafuna mafuta. Linali ndi madilowa awiri, lililonse ndi moto wake ndi nthawi yake, komanso batani lina limene ukalidina mbali zonse zimapsa nthawi imodzi, kaya uku waika nkhuku uku waika mbatata. Mwamuna wanga Ropati atawaona anati imeneyi ndiye mitala yokhayo imene waiona ikuyenda popanda ndewu. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona kale ntchito yake.

Pa fuliji panali pepala lochokera kuchipatala, lolemba zimene Ababa sayenera kudya popeza tsopano magazi awo ankatsukidwa ndi makina katatu pa sabata. Mchere ayi. Talo, mbatata yathu ija ya kumadambo, ayi. Nthochi zaziwisi ayi, mkaka wa kokonati ayi, nyama ya m'chitini ayi. Kunena mosapsatira, Samoa yense anali pa pepala limenelo. Ndiye ndinatenga cholembera n'kulemba pa dilowa la kumanzere kuti ABABA. Mmenemo munkalowa chidale cha nkhuku chosenda khungu, kabichi, nthawi zina kachidutswa ka nsomba kopanda mchere, zonse nditaziyeza pa sikelo. Kumanja kunkalowa zathu, nthiti za nkhosa, masoseji, talo wophikaphika kale woti angouma kunja. Ndikaweruka masana ndinkangoponyamo, kudina batani, kukasamba, potuluka zonse zapsa.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, ndipo zaka khumi ndi ziwiri zopukuta anthu ndi kuwadyetsa zinandipatsa matama a dokotala. Pa nkhani ya odwala panalibe wondiuza kanthu m'nyumba muja. Amayi anali atatisiya zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo ndinali nditalumbira mumtima kuti Ababa sandipulumuka m'manja chifukwa cha supuni ya mchere.

Kwathu akuluakulu amayamba kudya, ife tikudikira. Mwana wanga Taulagi ankawabweretsera beseni losambira m'manja, iwo n'kupemphera, n'kudya mosafulumira. Koma Ababa sankamaliza mbale. Chiyambire tili ana kwathu ku Samoa, pa chilumba cha Savai'i, ankadya zam'mbalimbali n'kusiya chokoma chenichenicho, kenako ankayang'ana mozungulira n'kukankhira mbaleyo kwa amene amufuna tsiku limenelo. Sanali munthu wa mawu. Ukakhoza mayeso sankakuyamikira, ukalakwa n'kulangidwa sankakuuza kuti nkhani yatha. Unkangoona mbale ikubwera kwa iwe, pamwamba pali mutu wa nsomba, maso ndi masaya osakhudzidwa. Amayi ankati bambo anuwa amakhuta ndi pakamwa pa anthu ena.

Ropati nayenso analowa m'banja mwathu kudzera pa mbale yomweyo. Ankabwera kwathu miyezi isanu ndi iwiri, akudula udzu, akunyamula mipando ya kutchalitchi, Ababa osamuyang'ana n'komwe. Lamulungu lina mbale inangomupeza. Mpaka lero amati akudya mutu umenewo munga unamukola pakhosi koma anachita manyazi kutsokomola.

Ndiye taganizani munthu woteroyo akukankha mbale ya kabichi wopanda mchere.

Masiku oyamba ankakankhabe. Taulagi, mwana waulemu, ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kenako kukhitchini ndinkamva chivindikiro cha bini chikutsekedwa pang'onopang'ono. Ropati ankadya ndithu, koma nkhope yake inali ya munthu amene akumwa mankhwala a malungo. Ababa ankaona zonsezo. Sanali akhungu, impso zokha ndi zimene zinafa.

Patapita miyezi iwiri anamwino anandiitanira pambali n'kundiuza kuti bambo akuonda, sakudya mokwanira. Ndinamva ngati andimenya khofi pagulu, ine amene ndimayeza chakudya pa sikelo. Madzulo ake ndinaima pafupi ndi mpando wawo manja m'chiuno n'kuwauza kuti kuyambira lero palibe chosiya, chimene chili m'mbalemo ndi mankhwala, ndipo mankhwala sagawana. Anandiyang'ana kanthawi, n'kutola foloko. Anamaliza zonse, ine ndikuwerenga chibwano chawo.

Ndisadzinenere zoipa zokhazokha, mantha anga anali ndi pochokera. Mwezi wa Meyi kunali maliro ku Inala, dera lina la kufupi ndi kwathu, ndipo ine ndili kotanganidwa ndi mapoto, azimayi a kutchalitchi anawapakulira ngati mmene amapakulira akuluakulu onse, talo, nthochi, masamba a talo ophika mu mkaka wa kokonati. Anadya, chifukwa kukana chakudya cha pamaliro n'kunyoza. M'mawa mwake miyendo inakana kuwanyamula ndipo mtima unkagunda mosokonekera. Anagona m'chipatala masiku atatu. Dokotala anandiuza mosabisa kuti zikanachedwa pang'ono bwenzi tikuimba nyimbo zina. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikaona dzanja lawo likulowera ku mbale yathu, magazi ankandithamanga.

Tsopano nkhani ya Peni. Zaka ziwiri m'mbuyomo anakwatira mtsikana wachizungu dzina lake Tegan, wamtali, wa tsitsi lofiira, wokonza magetsi m'nyumba za anthu. Anakwatirana ku ofesi ya boma Lachinayi masana, popanda abusa, popanda kufunsa aliyense, ife tinangoona zithunzi pa foni. Ababa sanakalipe. Anangosiya kufunsa za Peni, ndipo pakafunika kutchula mkaziyo ankati "uja wa ku Melbourne". Peni ankabwera yekha kamodzikamodzi, atanyamula mphatso zochuluka kuposa mawu. Ankandiuza kuti Tegan amafunsa nthawi zonse ngati akuluwo afewa, ndipo nkhani ya mbale ankaidziwa, popeza Peni anamufotokozera kuti kwathu munthu amalandiridwa bwanji.

Kumapeto kwa Ogasiti, tikuchokera kotsukitsa magazi, Ababa anayankhula ali chiyang'anire pawindo la galimoto.

"Umuuze Peni abwere pa tsiku la azibambo. Asabwere yekha."

Ndinatsala pang'ono kudutsa maloboti ofiira. Titafika kunyumba ndinamuimbira Peni n'kumuuza.

Loweruka lake Ababa anapempha Ropati kuti awatengere kusitolo ya nsomba ku Inala. Anakasankha okha. Ropati akuti anazungulira kanayi ndi ndodo yawo, akutsegula makha, akudina mnofu ndi chala, mpaka mayi wogulitsayo anayamba kuwanena m'chilankhulo chake. Anabwera ndi nsomba yofiira yaikulu ngati mwendo wanga. Anandiuza kuti mutu ndiuphike pawokha, ndithire mchere wokwanira, anyezi ndi mkaka wa kokonati, ngati mmene ankachitira Amayi.

Apa ndi pamene ndikanayenera kudziwa. Mwana aliyense wa bambo anga a Falaniko akanadziwa. Koma ine m'mutu mwanga munali pepala la pa fuliji lokha, ndipo ndinangoti mumtima, nkhalamba iyi nkhuli yayambanso, ikufuna kubisala kumbuyo kwa alendo. Ndinauphika mutuwo ku dilowa la kumanja, ndipo unapsa bwino kwambiri, khungu lofiirira, mkaka utauma m'mbali. Kumanzere ndinaika chidale cha nkhuku ndi kabichi monga mwa masiku onse. Makina analira, mbali zonse zitapsa nthawi imodzi.

Lamulungu la tsiku la azibambolo, Peni ndi Tegan atafika, titachoka kutchalitchi tinayala mikeka mu galaja, mmene timadyera pakakhala alendo. Tegan anali atavala siketi yaitali imene ndikukhulupirira kuti anagulira tsiku lomwelo, ndipo ankavutika kupinda miyendo yake yaitaliyo. Anali ataloweza moni wachisamoa, anaunena molakwika, Ababa n'kugwedeza mutu. Chizungu cha Ababa chinali cha kuchipatala basi, "kupweteka", "sikupweteka", "zikomo". Pakati pa anthu awiriwo panalibe chilankhulo china kupatula chimene chinali kubwera m'mbale.

Taulagi anabweretsa beseni. Ababa anapemphera pemphero lalitali, ndipo ndinamva akutchula Peni ndi nyumba yake. Ndinaika mbale yawo patsogolo pawo, mbale yaikulu ya nsomba ndi talo n'kuiika pakati.

"Leitu, mutu uwo uike m'mbale mwangamu."

"Ayi Ababa, chanu ndi chimenecho."

"Ndati uike muno, mwanangu."

Anayankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana. Ine ndinachita ngati sindinamve, ndinayamba kugawa mafoloko. Ropati ndiye anatambasula dzanja, n'kunyamula mutuwo ndi supuni ziwiri, n'kuuika pambali pa kabichi wa Ababa. Ndinaona Ababa akugwira m'mphepete mwa mbale ndi zala zawo zitatu, akutukula maso kuyang'ana kumene kunali Tegan.

Sindidziwa kuti ndinadumpha bwanji mkeka. Ndinangozindikira mbale ili m'manja mwanga, msuzi utadonthera pa malaya awo oyera a kutchalitchi.

"Kodi mukufuna kufa, Ababa? Ngati mwatopa ndi moyo tangonenani, ndisamavutike kudzuka m'mamawa kukuperekezani kuchipatala. Munthu wamkulu ngati inu kumalimbirana chakudya ngati mwana?"

Pakamwa panga palibe chitseko, zimenezo amadziwa aliyense, koma mawu amenewa ndinali ndisanawayankhulepo kwa bambo anga, ndipo ndinawayankhula pamaso pa mkamwini, mpongozi ndi mdzukulu. Kunja galu wa aneba ankauwa. Ababa anayang'ana dontho la pa malaya awo, kenako anakodola Taulagi kuti abweretse beseni. Anasamba m'manja chala chimodzichimodzi ngati munthu amene wadya n'kukhuta, anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kudzuka ndi ndodo yawo. Ropati atafuna kuwagwira mkono anakana.

Tegan sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Chimene anaona n'chakuti nkhalamba inamuyang'ana, phokoso linabuka, nkhalamba inasamba m'manja n'kutuluka osadya naye. Anafiira mpaka m'makutu. Tinadya ngati tili pa maliro, ndipo mutu uja palibe anaukhudza. Ndege yawo inali ya madzulo omwewo, popeza onse awiri ankalowa ntchito Lolemba. Popita kukatsanzika anapeza chitseko cha Ababa chotseka, ndipo Peni anangoyankhulira panja.

Ropati sanandiyankhule mpaka titabwerako kubwalo la ndege. Ataimika galimoto sanatsike.

"Iwe Leitu, ukuganiza kuti munthu amene amawerenga ngakhale madontho a madzi akumwa akanadya mutu wonse uja? Anazungulira kanayi m'sitolo muja chifukwa cha mimba yawo?"

"Nanga ku Inala kuja sanadye?"

"Kuja anapatsidwa. Lero amafuna kupereka."

Ndinamuyankha kuti ngati akudziwa zambiri azikawasamalira yekha, n'kumenyetsa chitseko cha galimoto. Koma ndinali nditadziwa kale asanayankhule. Ndinadziwa pamene mbale inali m'manja mwanga, nditaona kumene kunaloza zala zawo. Manyazi ndi amene anandichititsa kupitiriza kukalipa.

Kuyambira tsiku limenelo Ababa anayamba kudyera kuchipinda kwawo. Sananyanyale chakudya ayi, bwenzi zili bwinoko. Taulagi ankapititsa mbale, n'kubwera nayo yoyera ngati yotsuka kale. Ankamwa mankhwala pa nthawi yake, ankandipatsa moni m'mawa, ankathokoza ndikawafikitsa kuchipatala. Anamwino anasangalala, anati thupi labwerera, magazi ali bwino, mwana wanu akukusamalirani kwambiri bambo Falaniko. Ababa anavomera kuti inde, akundisamalira. Ine ndinamwetulira, koma mumtima munkandiwawa ngati ndameza khala.

Kupepesa ndinkati ndipepesa mawa. Kwathu mwana akalakwira kholo chonchi amakhala pansi n'kuweramitsa mutu mpaka kholo limudzutse, ndipo ndinkadziwa bwino kuti ndiyenera kutero. Koma ndikafika pakhomo pawo kamtima kena kankandinong'oneza kuti nanga si ali moyo chifukwa cha iwe, upepese chiyani? Anadutsa masabata atatu ndikukangana ndi kamtima kameneko.

Lamulungu lachinayi ndinaganiza zopepesa ndi manja m'malo mwa pakamwa, popeza ndine mwana wa bambo anga. Ndinapita ndekha ku Inala, ndinagula nsomba yofanana ndi ija, ndinaphika mutu chimodzimodzi. Ndinayala mikeka mu galaja n'kukagogoda kuchipinda kwawo. Anabwera, chifukwa sanali munthu wokana kuitanidwa. Atapemphera ndinagwada n'kuika mbale patsogolo pawo, nkhuku ndi kabichi mbali imodzi, mutu mbali inayo.

Anadya nkhuku yonse, anadya kabichi yense. Ife tinkadikira, Ropati, Taulagi ndi ine. Atamaliza anauyang'ana mutuwo, kenako anandiyang'ana ine.

"Undiuze woti ndimupatse."

Sananene monyoza. Anafunsa ngati mmene ankafunsira anamwino kuti atambasule mkono uti. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa.

"Aliyense amene mukufuna, Ababa. Mbale ndi yanu."

Anagwira m'mphepete mwa mbale ndi zala zawo. Taulagi anaweramitsa mutu. Ine ndinkafuna ibwere kwa ine, ndisaname, ndinkaifuna ngati mmene ndinkaifunira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma anachotsa dzanja n'kuliika pa bondo.

"Mwini wake anapita. Adzabwera pa Khirisimasi, eti?"

Ndinati inde adzabwera, ndipo ndinalira pomwepo, misozi ikugwera pa mkeka. Ababa anandigwira pamutu kamodzi n'kuitanitsa beseni. Mutu uja tinauika mu fuliji, ndipo Lachitatu Ropati anautaya ine ndili kuntchito.

Ndinamuimbira Peni n'kumuuza kuti matikiti a Khirisimasi agule msanga, ndipo asayerekeze kubwera yekha. Anati Tegan akukayika, sakufuna kukhala chifukwa choti akuluwo azitsekeranso chitseko. Ndinati amuuze kuti vuto linali ine. Anati anamuuza kale. Ndinaganiza zoti ndiwapemphe abwere mu Okutobala, ngakhale kwa tsiku limodzi, koma ndinati aa, Disembala si kutali, magazi ali bwino, thupi labwerera. Ndinkakhulupirira mapepala a kuchipatala kuposa china chilichonse.

Ababa anamwalira Lachiwiri lachiwiri la Novembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali pa mpando wotsukira magazi. Mtima unangoima. Namwino amene anandiimbira anati sanavutike, ndipo anawonjezera, pofuna kunditonthoza, kuti zotsatira za magazi awo a mwezi umenewo zinali zabwino kuposa zonse. Paja amati ndikanadziwa ndikanaphika therere. Ine ndinaphika zonse zimene analemba madokotala, osaphonya ndi tsiku limodzi.

Maliro athu ndi ntchito ya sabata yathunthu. Abale anachokera ku Auckland, ku Sydney, ena ku Samoa komwe, ndipo galaja, bwalo ndi msewu zinadzaza. Tegan anafika ndi Peni tsiku lotsatira. Sanakhale pa mkeka wa banja. Anavula nsapato, anamanga tsitsi, n'kulowa kukhitchini. Masiku anayi anasenda talo, anatsuka mapoto aakulu ngati migolo, ananyamula zinyalala, ndipo magetsi atazima chifukwa cha mafuliji obwereka anawakonza yekha azibambo akungoyang'ana. Azakhali anga, amene sayamikira munthu, anafunsa kuti mzungu wolimbayu ndi wa ndani. Ndinati ndi mlamu wanga. Anati nanga bwanji wakhala kumbuyo ngati waganyu?

Masana a tsiku limene tinaika maliro, anthu atayamba kubalalika, ndinamupeza Tegan ali yekha pa sinki, manja atatuwa ndi sopo. Ndinatenga nsalu n'kuyamba kupukuta zimene ankatsuka. Kenako anati akupepesa kuti anabwera tsiku lija, akanadziwa kuti bambo sanakonzeke kumuona sakanawasokonezera chakudya chawo.

Ndinaika mbale pansi. Ndinamuuza zonse mu Chizungu changa cha kuntchito, za sitolo ya nsomba, za kuzungulira kanayi, za zala zitatu m'mphepete mwa mbale, za mawu amene ndinanena, za Lamulungu lachinayi lija. Ndinamuuza kuti mutu uja unali wake kuyambira Loweruka, kuti unatsala pang'ono chabe kumufika, ndipo amene anaulanda ndine.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, madzi akutayika pa mpopi. Kenako anamwetulira, kumwetulira kumene ine ndimamwetulira kuntchito wachibale wa wodwala akamandiuza zinthu zoti mtima wanga ukhale pansi.

"Peni anandiuzanso choncho," anatero. "Ndinu anthu abwino m'banja muno, nonse mumayesetsa kuti ndisamve kuwawa. Osadandaula, Leitu. Munthu sakakamizidwa kukonda munthu."

Ndinalumbira. Ndinati afunse Ropati, afunse Taulagi. Anagwedeza mutu kuti wamva, anandisisita paphewa ndi dzanja lonyowa, n'kundifunsa kumene timasunga mbale zazikulu.